Funsani Mlangizi: Kuweta ndi Kuphunzitsa Hatchi ya Mpikisano wa Maulendo Ataliatali

Hatchi si chiweto chimene Mmalawi amakula nacho pakhomo monga mbuzi kapena ng'ombe. Ambiri a ife tidangoiona pa chithunzi, ndipo amene adaikwerapo mwina kudali ku Kande m'boma la Nkhata Bay, kumene alendo amalowa nayo m'nyanja, kapena pa phiri la Zomba. Komabe makalata ofunsa za mahatchi akhala akubwera, ena kuchokera kwa abale athu amene amagwira ntchito m'makola a mahatchi ku South Africa, ena kuchokera kwa anthu akonkuno amene apeza malo ndi ndalama ndipo akufuna kuyesa. Mwezi uno ndasankha makalata asanu okhudza kuweta mahatchi ndi mpikisano woyenda pa hatchi mtunda wautali m'tchire, m'mapiri ndi m'madambo.

A Mlangizi, ine kwathu ndi ku Mzimba koma ndimasamalira mahatchi pa famu ina kufupi ndi Bloemfontein. Chaka chatha ndidaperekeza abwana anga ku mpikisano wa makilomita 80. Hatchi yathu idafika poyamba, ife n'kuyamba kukondwa, koma dokotala ataiyeza adati yachotsedwa, mphotho n'kupita kwa hatchi yomwe idafika m'mbuyo mwathu. Abwana sadadandaule konse, koma ine mpaka lero sindimvetsa. Kodi kumeneku si kukondera?

Achimwene, kukondera kudalibe, ndipo abwana anuwo adakhala chete chifukwa lamulo amalidziwa. Mu mpikisano umenewu hatchi imawerengedwa kuti yamaliza pokhapokha dokotala wa ziweto atatsimikiza kuti, ngakhale yafika pamapeto, ikadali ndi mphamvu zoti ikhoza kupitiriza ulendo. Yofika poyamba koma ikutsimphina, kapena mtima wake ukukana kutsika, imayesedwa ngati sidafike n'komwe.

Kuti zimveke bwino, mipikisano yoyenda mtunda wautali ili mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Umene mudapitako ndi uja wolimbirana kufika msanga, ndipo udatchuka kuchokera ku California, ku America, m'chaka cha 1955, pamene munthu wina wotchedwa Wendell Robie ndi anzake ochepa adayenda pa mahatchi makilomita 160 kuchokera kufupi ndi nyanja ya Tahoe kukafika ku tawuni ya Auburn, kudutsa mapiri a Sierra Nevada, tsiku limodzi lisanathe. Ulendowo ndiwo udasanduka mpikisano wotchedwa Tevis Cup, umene umachitikabe chaka ndi chaka, ndipo mwa mahatchi onse amene amanyamuka, pafupifupi theka lokha ndilo limamaliza m'maola 24 ololedwa. Kwanuko ku Free State, chigawo chimene kuli Bloemfontein, kuli mpikisano wa Fauresmith, umene wakhala ukuchitika kuyambira m'zaka za m'ma 1970 m'mwezi wozizira wa July, wa makilomita pafupifupi 200 m'masiku atatu.

Mtundu wachiwiri suli wolimbirana liwiro ayi. Ku America umayendetsedwa ndi mabungwe monga North American Trail Ride Conference, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1961, ngakhale kuti ku Vermont ulendo wa masiku atatu wa makilomita 160 udayamba kale mu 1936. M'mipikisano yotere wokwera amapatsidwa nthawi yoti afikire, ndipo akafika mochedwa amalangidwa, akafikanso mofulumira kuposa nthawiyo amalangidwa chimodzimodzi. Hatchi ndi wokwera amanyamuka aliyense ndi malikisi 100, ndipo oweruza awiri, dokotala wa ziweto ndi katswiri wa kakweredwe, amachotsako malikisi akaona chilonda cha chishalo pamsana, kutupa kwa mwendo, kukana kuwoloka mtsinje, ngakhale kamangidwe kosasamala ka hatchi pamalo ogona usiku. Kunena zoona, ine mtundu wachiwiriwu ndimaukonda kwambiri kwa munthu woyamba kumene, chifukwa umam'phunzitsa kusamala asanaphunzire kuthamanga.

Tibwerere ku hatchi yanu. Ulendo umagawidwa m'zigawo, ndipo pakutha pa chigawo chilichonse pamakhala malo oyezera. Inu mudaona nokha mmene pamakhalira: wokwera amatsika, chishalo chimachotsedwa mwamsanga, osamalira amathira madzi ozizira pakhosi, pachifuwa ndi m'kati mwa miyendo, wina atagwira ndowa kuti hatchi imwe, wina akuyang'ana wotchi. Chimene onse akulimbana nacho ndi kugunda kwa mtima. Hatchi yopuma mtima wake umagunda pakati pa ka 28 ndi ka 44 pa mphindi, ikamathamanga umapitirira ka 150, ndipo malamulo a mipikisano yambiri amafuna kuti utsike kufika pa 64 kapena kucheperapo pasanathe nthawi yoikika, yomwe imakhala mphindi 15 mpaka 30 malinga ndi bungwe. Kenaka dokotala amatsina khungu la pakhosi kuti aone ngati likubwerera msanga, amadina usinini ndi chala n'kuwerenga ngati kufiira kwabwerera pasanathe masekondi awiri, amamvetsera m'mimba ngati matumbo akulira, ndipo pomaliza amauza munthu kuti athamange nayo ndawala mamita 40 kupita ndi 40 kubwerera. Apa ndi pamene kutsimphina kumaonekera, ngakhale kochepa kwambiri koti wokwera sadakumve ali pamsana.

Simudandiuze chimene dokotala adapeza, koma ndikukupemphani kuti mufunse abwanawo akuonetseni khadi la hatchiyo, pakuti zonse zimalembedwa pamenepo. Mukaliwerenga mudzadziwa choyenera kukonza, ndipo dziwani kuti zambiri zimene dokotala amayeza tsiku la mpikisano zimachokera m'manja mwa munthu amene amadyetsa, kumwetsa ndi kupukuta hatchiyo tsiku ndi tsiku, amene ndi inuyo.

A Mlangizi, ndili ndi malo a maekala khumi kunja kwa mzinda wa Lilongwe, ndipo mwana wanga wamkazi wa zaka 14 wakhala akuphunzira kukwera hatchi kwa zaka ziwiri. Ndikufuna kumugulira yakeyake yoti mtsogolo azidzapikisana nayo. Ndigule yamtundu wanji, ndipo kodi madeya ndi udzu wa padambo sizingakwane kuidyetsa?

Mayi, mtundu umene umatsogola pa maulendo ataliatali ndi wa Arabian, pamodzi ndi mahatchi obadwa posakaniza mtunduwu ndi mitundu ina. Ndi hatchi yathupi lopepuka, nthawi zambiri yolemera makilogalamu 400 mpaka 450, yakhungu lopyapyala lotulutsa kutentha msanga, ndipo mtima wake umatsika mofulumira ikangoima. Kum'mwera kwa Africa kuno kulinso Boerperd ndi Nooitgedachter za ku South Africa komanso timahatchi ta ku Lesotho tozolowera mapiri, zonse zolimba miyendo ndi zofatsa. Koma kwa mwana wa zaka 14 ine sindingayambe ndi kufunsa mtundu. Ndingafune hatchi yamphongo yofulidwa kapena yaikazi yodekha, ya zaka pakati pa 8 ndi 12, imene idayendapo kale m'tchire ndipo sidzidzimuka ndi pepala louluka. Mwana wosadziwa zambiri ndi hatchi yosadziwa kanthu akaphatikizidwa, amene amavulala ndi mwanayo. Musanapereke ndalama, dokotala wa ziweto amene mwamusankha inu, osati wogulitsa, aiyeze miyendo, mano, maso ndi mtima, ndipo mwanayo aikwere kangapo pa masiku osiyana.

Ndikuchenjezeninso kuti hatchi ndi nyama yagulu ndipo siikhala bwino yokha. Ngati simungathe kugula ziwiri, bulu amakwanira kukhala mnzake.

Za chakudya ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene nzeru za ulimi wa ng'ombe zimasocheretsa anthu. Hatchi ili ndi chifu chaching'ono, siibzikula monga ng'ombe, ndipo siitha kusanza, kotero chilichonse choipa chimene yameza chiyenera kudutsa m'matumbo monse. Idalengedwa kuti izidya pang'onopang'ono pafupifupi tsiku lonse. Chakudya chake chenicheni ndi udzu, wolemera magawo 1.5 mpaka 2 pa 100 alionse a kulemera kwa thupi lake patsiku, kutanthauza kuti hatchi ya makilogalamu 450 imafuna makilogalamu 7 mpaka 9 a udzu wouma. M'dzinja msipu wa pamalo panu ukhoza kukwanira, koma kuyambira August mpaka mvula itagwa mudzafunika udzu wodulidwa uli wauwisi n'kuumitsidwa bwino, monga wa Rhodes umene alimi a ng'ombe zamkaka amabzala, ndipo uyenera kusungidwa pouma kuti usachite chuku.

Madeya paokha sakwanira, ndipo akachuluka amawononga. Ali ndi mchere wa phosphorus wambiri koma calcium wochepa, ndipo hatchi yodyetsedwa madeya ambiri kwa miyezi yochuluka imayamba kufooka mafupa, nkhope n'kutupa. Choopsa koposa ndi chimanga chowola kapena madeya ochokera ku chimanga chachuku, chija timati tikapatse ziweto chifukwa anthu sangadye: poizoni wa chuku chimenechi amawononga ubongo wa hatchi, imayamba kuzungulira ngati yoledzera, ndipo kawirikawiri imafa. Musaipatsenso chakudya chogula chopangidwira nkhuku kapena ng'ombe, pakuti china chimakhala ndi mankhwala otchedwa monensin amene amapha hatchi ngakhale atakhala ochepa. Madzi oyera azikhalapo nthawi zonse, malita 25 mpaka 50 patsiku malinga ndi kutentha, komanso mchere woti izinyambita.

Pa ndalama, mtengo wogulira ndi gawo laling'ono. Ziboda zimafuna kusemedwa pafupifupi masabata asanu ndi limodzi alionse, mano kupalidwa kamodzi pachaka, katemera wa kafumbata, wa chiwewe ndi wa matenda amene ndiwafotokoze m'munsimu, mankhwala a njoka za m'mimba ndi a nkhupakupa, ndi chishalo chokwana bwino pamsana wa hatchi imeneyo. Musanagule, yambani mwapeza mmisiri wodziwa kusema ziboda amene angamafike kwanu, chifukwa amisiri otere kuno ndi osowa kuposa mahatchi enieniwo.

A Mlangizi, kodi bulu angalowe nawo mu mpikisano umenewu? Ine ndili ndi abulu anayi okoka ngolo ku Dedza.

Bambo, mabungwe ena, monga American Endurance Ride Conference, amalola hatchi, bulu ndi nyulu, ndipo nyulu, yomwe ndi mwana wa bulu wamphongo ndi hatchi yaikazi, yamalizapo Tevis Cup kangapo. Koma abulu athuwa ndi aang'ono thupi, ndipo kunyamula munthu wamkulu makilomita 40 pa liwiro lofunikalo kungakhale kuwazunza. Asiyeni pa ngolo, ndipo muziyang'ana kuti goli kapena zingwe sizikuwasupula pakhosi.

A Mlangizi, ndili ku Johannesburg ndipo ndagula motchipa hatchi ya zaka zinayi imene idali ya mpikisano wa liwiro wa pabwalo. Imathamanga modabwitsa. Pali mpikisano wa makilomita 80 miyezi itatu ikubwerayi ndipo ndikufuna kuilowetsa. Ndiiphunzitse bwanji kuti ikonzeke?

Bambo, yankho langa silikusangalatsani: musailowetse. Choyamba, mabungwe ambiri salola hatchi ya zaka zinayi kuyenda mtunda wotere, ndipo ku America hatchi iyenera kukwanitsa miyezi 60 isanaloledwe pa makilomita 80. Chachiwiri, ngakhale akadalola, miyezi itatu siikwana. Ziwalo za hatchi sizikhwima nthawi imodzi. Mtima, mapapo ndi minofu zimalimba m'miyezi yochepa, mitsempha yolumikiza minofu ndi mafupa imafuna theka la chaka mpaka chaka, pamene mafupa ndi ziboda zimatenga chaka chimodzi kapena ziwiri, nthawi zina kuposerapo. Msampha uli pakuti pakatha masabata asanu ndi atatu hatchi imaoneka yamphamvu, imakoka zingwe kufuna kuthamanga, ndipo mwini wake amakhulupirira kuti yakonzeka pamene miyendo ikadali yanthete.

Ndikunena zimene zidandichitikira. Ndidali ndi hatchi yaikazi yofiirira imene ndidaithamangitsa mumchenga wa mumtsinje wouma patangotha miyezi iwiri ndikuiphunzitsa, chifukwa idali kuoneka kuti ikufuna. M'mawa mwake nditagwira kuseri kwa mwendo wakutsogolo, pansi pa bondo, padali potentha ndi potupa ngati nthochi. Idakhala miyezi isanu ndi inayi osakweredwa, ndipo ine ndidaphunzira tanthauzo la mawu a akulu aja akuti kuthamanga sikufika nditagwira chingwe, ndikuiyendetsa wapansi m'mawa uliwonse.

Njira yake ndi yoyenda mtunda wautali mwapang'onopang'ono. Mwezi woyamba muzingoiyendetsa, masiku atatu kapena anayi pa sabata, kuyambira mphindi 30 mpaka kufika ola. Kenaka muzilowetsamo ndawala ya mphindi zochepa, n'kumaonjezera. Lamulo lofunika kulisunga ndi lakuti mukaonjezera mtunda musaonjezere liwiro sabata yomweyo, ndipo mukaonjezera liwiro mtunda ukhale womwewo. Zitunda zimalimbitsa ntchafu ndi mtima, koma potsetsereka muziyenda mofatsa kapena kutsika n'kuitsogolera. Masiku opuma ndi mbali ya maphunziro, pakuti thupi limamangika pamene likupuma. Pa masiku oterowo muzichepetsa chakudya chambewu, chifukwa hatchi yodya mbewu zambiri ili m'khola ikhoza kuuma minofu ya kumbuyo ikangoyamba ntchito, mkodzo n'kuda ngati khofi, ndipo ikatero siyenera kuyendetsedwa mpaka dokotala abwere.

Phunzirani kuwerenga mtima wake. Ikani zala pansi pa nsagwada pamene pamadutsa mtsempha wamagazi, kapena mvetserani ndi chipangizo cha adokotala kuseri kwa chigongono cha mwendo wakutsogolo wakumanzere, werengani kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi. Chitani zimenezi mukangofika, mubwerezenso patatha mphindi khumi, ndipo muzilemba m'kope. Ngati patatha mphindi khumi mtima ukadali pamwamba pa 64, ntchito ya tsikulo idachuluka.

Hatchi yanu ili ndi vuto lina lapadera. Idaphunzitsidwa kuti ikaona zinzake zikuthamanga izipitirire, ndipo moyo wake wonse idaponda pabwalo losalala. Tsopano iyenera kuphunzira kulola kuti inzake iidutse osapsa mtima, kuima chilili wokwera akamakwera, kuwoloka madzi ndi milatho yamatabwa, kuponda pamiyala, kubwerera chammbuyo pakanjira kopapatiza, ndi kulola mlendo kuigwira m'kamwa ndi pansi pa mchira. Koposa zonse iphunzire kumwa paliponse pamene yapeza madzi. Hatchi yogwira ntchito kukutentha imataya malita 10 mpaka 15 a thukuta pa ola, ndipo chifukwa thukuta lake limatuluka ndi mchere wambiri, nthawi zina siimva ludzu ngakhale thupi likuuma. Muziima pa mtsinje uliwonse, mumasule zingwe, mudikire, ndipo mukakhala ndi anzanu musachoke mpaka hatchi yomaliza itamwa. Chaka chamawa mukayambe ndi ulendo wa makilomita 30 kapena 40, cholinga chili chongomaliza hatchi ili bwino.

A Mlangizi, pa esiteti imene ndimagwira ntchito ku Kasungu tidali ndi mahatchi atatu. M'mwezi wa March imodzi idayamba kupuma movutikira, idatuluka thovu m'mphuno ndipo idafa tsiku lomwelo. Patatha sabata ina idatupa pamwamba pa maso n'kufanso. Anthu akuti alodzedwa kapena adyetsedwa poizoni. Yatsala imodzi ndipo tikuopa. Tichite chiyani?

Pepani kwambiri, achimwene. Sindingatsimikize matenda ndisanaone chiweto, ndipo wotsimikiza ndi dokotala atayeza magazi, koma zimene mwafotokozazi, pamodzi ndi mwezi umene zidachitika, zikufanana kwambiri ndi matenda otchedwa African horse sickness. Amayamba ndi kachilombo kamene kamafalitsidwa ndi tizilombo touluka ting'onoting'ono kuposa udzudzu, ta mtundu wa Culicoides, timene timaswana m'matope ndi m'ndowe zonyowa ndipo timaluma kwambiri dzuwa likamalowa, usiku, ndi mbandakucha. Timachuluka kumapeto kwa dzinja, n'chifukwa chake imfa zambiri zimachitika pakati pa February ndi April. Ku South Africa mtundu wa matendawa wogwira mapapo, uja wa thovu, amautcha dunkop, ndipo wotupitsa mutu ndi pamwamba pa maso amautcha dikkop. Pa mahatchi osalandira katemera, mwa khumi alionse odwala akhoza kufa mpaka asanu ndi anayi. Mbidzi zimasunga kachilomboka osadwala, abulu athu nawonso kawirikawiri sadwala kwambiri, ndipo matendawa sapatsirana pokhudzana kapena kugwira anthu. Popeza muli ku Kasungu, kumene madera oyandikana ndi nkhalango kuli kashembe, dokotala ayezenso kaodzera, ngakhale kuti iyeyu amaonetsa zizindikiro zina: kuwonda pang'onopang'ono, kuchepa magazi ndi kutupa miyendo.

Mankhwala ochiza African horse sickness palibe, ndipo chitetezo chili pawiri. Choyamba ndi katemera, amene wodziwika kwambiri amapangidwa ku Onderstepoort kufupi ndi Pretoria. Kachilomboka kali ndi mitundu isanu ndi inayi, choncho katemerayu amabwera m'mabotolo awiri obayidwa motalikirana masabata osachepera atatu, chaka chilichonse, m'nyengo youma tizilombo tija tisanachuluke. Ku South Africa nthawi yake ndi kuyambira June mpaka October. Hatchi ikabayidwa isagwiritsidwe ntchito yolemetsa kwa masabata angapo, makamaka ngati ndi koyamba, ndipo amene akukonzekera mpikisano ayenera kuikiratu nthawi imeneyi pa kalendala yake.

Chachiwiri ndi chimene mungayambe lero lomwe. Hatchi yotsalayo izilowa m'khola maola awiri dzuwa lisanalowe ndipo izituluka patapita maola awiri dzuwa litatuluka, mame atauma. Mazenera ndi mipata ya khola zitchingidwe ndi nsalu ya timabowo tating'ono kwambiri yopoperedwa mankhwala ophera tizilombo, pakuti neti wamba ya udzudzu tizilomboti timaidutsa. Madzulo alionse muziipaka mankhwala othamangitsa tizilombo pamimba, m'miyendo ndi pakhosi, muchotse ndowe pafupi ndi khola, mukonze mpopi uliwonse wodontha, ndipo isamadye kudambo. M'mawa uliwonse, isanadye, muziyeza kutentha kwa thupi lake. Kwa hatchi yabwinobwino kumakhala pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5, ndipo kukafika 39 musaikwere, muisunge pamthunzi ndi kuitana dokotala tsiku lomwelo. Imfa ziwiri zijanso mukazinene ku ofesi ya zaziweto ya boma lanu, chifukwa awa ndi matenda amene akuluakulu a ziweto ayenera kudziwitsidwa, ndipo pakhoza kukhala ena oweta mahatchi m'dera lanu amene sadabayitse.